Lamba wa chigayo wandidula chala, abwana akuti ndisaine K100,000 nkhani ithe

Funso lachokera kwa bambo wina wogwira ntchito pa chigayo cha magetsi. Akuti: "Ndakhala pa chigayochi zaka ziwiri, ndimalandira K150,000 pa mwezi. Mwezi watha ndikubwezeretsa lamba yemwe anavuka pa pule, mnzanga anayatsa mota osadziwa kuti dzanja langa lili pomwepo. Chala chamkombaphala cha kumanja chinaduka pa mfundo yapakati, ndipo chala chapakati sichikupindika mpaka pano. Chitsulo chotchinga lamba anachichotsa kalekale poti lamba amavukavuka. Abwana analipira galimoto ya kuchipatala, pano akuti andipatse K100,000 ndisaine kuti nkhani yatha. Akuti poti ndine waganyu palibe chomwe ndingapeze kwina. Kodi n'zoona?"

Pepani kwambiri bambo ndi ngoziyi. Pepalalo musasaine. Chipukutamisozi cha munthu wovulala pa ntchito sichitchulidwa ndi bwana momwe mtima wake wafunira. Chili ndi masamu ake, ndipo masamuwo amachokera pa zinthu ziwiri: malipiro anu a pa mwezi, ndi peresenti ya chilema yomwe dokotala alembe chala chikapola. Pakali pano dokotala sanalembe chilichonse, ndiye K100,000 imeneyo yangochokera m'mutu.

Koma tisanafike ku ndalama, chala chapakaticho chikudetsa nkhawa kuposa chomwe chinaduka. Chala chimapindika chifukwa cha mitsempha yolimba ngati zingwe yomwe imachokera ku minofu ya mkono, kudutsa m'chikhatho mpaka kunsonga. Ngati lamba anadula mtsempha woterewu, khungu likhoza kupola bwinobwino koma chala osapindikanso. Mtsempha woduka umasokeka bwino m'masiku oyambirira. Pakadutsa masabata angapo umabwerera m'mbuyo n'kufupika, ndipo opaleshoni yake imakhala yovuta. Mwinanso mtsempha uli bwino, koma pali kafupa kothyoka kapena mfundo yangouma chifukwa chokhalitsa m'bandeji. Zitatuzi mankhwala ake ndi osiyana. Bwererani kuchipatala sabata ino, pemphani kuonana ndi a za mafupa, akujambuleni X-ray, ndipo muwauze mosapita m'mbali kuti chala sichikupindika chichitikireni ngozi. Ngati pa chipatala cha boma lanu sangathe, akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu, kaya ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Akakuuzani za mafizo musazembe, ngakhale amawawa. Ndalama iliyonse yomwe mungalandire sifanana ndi chala chogwira.

Lamulo lomwe likukutetezani ndi Workers' Compensation Act la chaka cha 2000, ndipo limayendetsedwa ndi Komishonala wa za chipukutamisozi ku unduna wa za ntchito, kudzera m'maofesi a leba a m'maboma. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti munthu akavulala chifukwa cha ntchito yake, ali pa ntchitoyo, wolemba ntchito alipire. Simufunika kusonyeza kuti abwana analakwa. Ngakhale chitsulo chotchinga chikanakhalapo, ngakhale wolakwa akanakhala mnzanu yekha, ngakhale inuyo mukanachita kaphuma pang'ono, chipukutamisozi chikanakhalapobe. Chomwe chimagwetsa munthu ndi kudzivulaza dala, kapena kupezeka kuti anachita mwano waukulu mwadala, monga kugwira makina ataledzera. Kubwezeretsa lamba wovuka ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya wachigayo, si mwano.

Nkhani ya uganyu ndiyo abwana akuyitsamira, ndipo sakuyitchula mwangozi. Lamuloli limapatuladi anthu ena, ndipo mwa iwo muli ogwira ntchito yongodutsa, komanso achibale a bwana okhala m'nyumba mwake momwemo. Koma waganyu weniweni ndi uja wamuitana lero kuti atsitse matumba, wamulipira madzulo, mawa sumuonanso. Munthu wobwera m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri, wolandira pa mwezi, woyendetsa makina omwe ndiwo mtima wa bizinesiyo, wouzidwa nthawi yofika ndi yoweruka, ameneyo ndi wantchito. A leba ndi makhoti amayang'ana momwe zinthu zinkayendera, osati dzina lomwe bwana wakupatsani. Kusowa kalata ya ntchito sikukuchotserani ufulu. Mgwirizano wapakamwa nawo ndi mgwirizano. Chovuta ndi umboni basi. Ngati malipiro ankabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, pitani mukapemphe ndandanda wa ndalama zolowa wa miyezi ingapo, ndipo mauthenga a pa foni musafufute. Ngati munkalandira pamanja n'kusaina m'kope, jambulani masamba a kopelo ndi foni lisanasowe, chifukwa makope otere amakonda kusowa nkhani ikafika ku leba. Amayi ogayitsa pamalopo, mlonda, a grosale yoyandikana, onsewo akudziwa kuti mwakhalapo nthawi yaitali bwanji. Lembani maina ndi manambala a awiri kapena atatu omwe angavomere kuyankhula.

Mnzanu uja anayatsa mota ndi mboni yofunika kuposa onse, komanso ndi amene angasinthe mawu msanga, poti akadali pa ntchito ndipo akuopa kuti mlandu umugwera. Mukhazikeni pansi, mumuuze kuti simukufuna ndalama yake, wolipira ndi mwini chigayo. Akalola, alembe mwachidule zomwe zinachitika, tsiku ndi nthawi, asaine. Chigayocho nacho chijambuleni momwe chilili, lamba ali pamtunda wopanda chotchinga, mabowo a mabawuti omwe ankagwira chitsulocho akuoneka, komanso pomwe pali switchi, kuti aliyense aone ngati woyatsa amatha kumuona munthu ali pa lamba. Chitsulo chomwe chakhala chili pakona zaka chimabwerera pamalo pake usiku umodzi bwana akangomva kuti mwapita ku leba.

Timati mlandu suwola, koma uwu umawola. Lamulo limafuna kuti wovulala adziwitse bwana msanga, ndipo pempho la chipukutamisozi liperekedwe pasanathe miyezi 12 chichitikireni ngozi. Abwana anu akudziwa kale, poti analipira galimoto, komabe alembereni kalata yaifupi yonena tsiku, malo, chomwe chinachitika ndi zala zomwe zavulala, musunge kope lanu. Nawonso ali ndi udindo wawo: ngozi yosiya chilema iyenera kunenedwa ndi wolemba ntchito, pa fomu yake, pasanathe masiku 21. Mwezi watha kale, ndiye n'kutheka kuti sananene. Musawadikire. Pitani nokha ku ofesi ya leba ya boma lanu ndi kabuku ka kuchipatala, chiphaso cha unzika, umboni wa malipiro ndi zithunzi zija. Kudandaula ku leba sikufuna loya. A ofesiyo amaitanitsa bwana, amadzazitsa fomu ya ngozi, ndipo amapereka fomu ina yoti dokotala adzaze. Tsiku lililonse lomwe mwapitako lembani penapake, pamodzi ndi dzina la amene mwayankhula naye ndi nambala ya failo ngati yaperekedwa. Mafailo amachedwa, ndipo lomwe mwini wake amabwera kudzalifunsa ndi lomwe limayenda.

M'kabuku ka kuchipatala onani zomwe analemba tsiku loyamba. Ena amafika kuchipatala ndi bwana kapena kapitawo, ndiye amene amayankha mafunso a namwino ndi bwanayo, m'kabuku n'kulembedwa kuti munthu wadzicheka kunyumba. Ngati mwanu simunalembedwe kuti munavulala ndi makina pa ntchito, pemphani dokotala alembe zimenezo pa ulendo wotsatira.

Zomwe muyenera kulandira zili patatu, ndipo kusakaniza zitatuzi ndi komwe anthu amaberedwera. Choyamba ndi ndalama zoyenera zomwe zapita pa chithandizo cha kuvulalako: mankhwala, X-ray, opaleshoni, mafizo. Sungani lisiti lililonse, ndipo maulendo a minibasi kapena kabaza opita kuchipatala muziwalemba m'kope ndi tsiku lake. Chachiwiri ndi ndalama za nthawi yomwe dokotala wakuletsani kugwira ntchito; n'chifukwa chake masiku opuma ayenera kulembedwa ndi dokotala, osati kungokhala kunyumba chifukwa dzanja likuwawa. Chachitatu ndi ndalama ya kamodzi ya chilema chokhalitsa. Galimoto ija abwana analipira ili m'gulu loyamba. Asayichotsere pa chachitatu.

Masamu a chachitatu ndi awa. Munthu amene walumaliratu moti sangagwirenso ntchito iliyonse amalandira malipiro a miyezi 54. Wotaya chiwalo chimodzi amalandira gawo la ndalama imeneyo, malinga ndi peresenti ya chiwalocho pa ndandanda womwe uli kumapeto kwa lamuloli. Pa malipiro anu, miyezi 54 ndi K8,100,000. Peresenti imodzi yokha ndi K81,000. Ndiye K100,000 ya abwana ikungopitirira pang'ono peresenti imodzi, pomwe inu mwataya mbali yaikulu ya chala chamkombaphala ndipo china chili pa chiopsezo. Tingoyerekeza kuti zala ziwirizo pamodzi zalembedwa 10 peresenti: ndalama yake ndi K810,000. Zikalembedwa 15, ndi K1,215,000. Manambala a peresentiwa ndi chitsanzo chabe, enieni atuluka kwa dokotala ndi pa ndandanda, koma mukuona kuti peresenti iliyonse yomwe yasiyidwa ndi ndalama yoposa theka la malipiro anu a pa mwezi.

Pachifukwa ichi, tsiku loyezedwa ndi dokotala ndilo tsiku lalikulu pa nkhani yonseyi, ndipo anthu ambiri amalitenga mopepuka. Chala chachikulu chili ndi timafupa tiwiri, zinazo titatu chilichonse, ndipo ndandanda umasiyanitsa kutaya kafupa kamodzi, tiwiri kapena chala chonse. Umasiyanitsanso zala: chachikulu ndicho chokwera kwambiri poti popanda icho dzanja silitsina kapena kufumbata, chamkombaphala chimatsatira. Chanu chinaduka pa mfundo yapakati, kutanthauza kuti timafupa tiwiri tapita. Nthawi zina madokotala pokonza bala amafupikitsanso fupa lotsala kuti khungu likwane kutseka, ndiye lipoti linene pomwe chala chathera pano, osati pomwe lamba anadula. Lipoti longoti "wavulala chala" silithandiza. Litchule dzanja, chala, timafupa totayika, komanso kuti inu mumagwiritsa ntchito dzanja lamanja.

Chala chapakati chilembedwe pachokha. Chiwalo chomwe chilipo koma chasiyiratu kugwira ntchito chimatengedwa ngati chatayika, ndipo chomwe chikugwira mwa theka chimapatsidwa gawo lake. Apa ndi pomwe kufulumira kumapweteketsa. Mukayezedwa lero, dokotala sangadziwe ngati chalacho chidzapindike, ndipo akhoza kulemba chodukacho chokha. Dikirani mpaka a za mafupa anene kuti chithandizo chafika pomwe chikanafika, zomwe pa kuvulala kwa mitsempha zimatenga miyezi ingapo. Failo ku leba itsegulidwe pano kuti nthawi isakuthereni, kuyeza komaliza kubwere pambuyo.

Tsikulo musadzionetse kulimba. Amuna ambiri dokotala akafunsa amangoti "ndili bwino", kenako kunyumba akulephera kumanga mabatani a malaya. Nenani zomwe zikukanika: kugwira sipanala, kunyamula thumba la chimanga pakamwa pake, kulemba, kutola ndalama yachitsulo patebulo. Nenani ngati nsonga ya chala chodukacho imachita ngati shoko ikagunda chinthu, chifukwa mtsempha womvera ukaduka umatha kupanga kachotupa kowawa kwambiri pamapeto pake. Nenani za dzanzi, ndi kuwawa kwa m'nyengo yozizira ya June ndi July. Kukokomeza nakonso n'kosathandiza, madokotala amayeza ndipo amazindikira. Fomu ikadzazidwa, ijambuleni kapena muchititse fotokope isanachoke m'manja mwanu. Ngati peresenti yomwe yalembedwa ikuoneka yochepa poyerekeza ndi momwe dzanja lilili, nenani ku leba nthawi yomweyo, mwa kalata, kuti simukugwirizana nayo ndipo mukupempha kuyezedwanso. Mukalandira ndalama n'kusaina, kutsegulanso nkhani kumavuta.

Mbali ina ya masamu ndi malipiro. Bwana wofuna kuchepetsa ndalama amalemba pa fomu malipiro otsika kuposa enieni. Onani nambala yomwe yalembedwa musanavomereze. Ngati pamwamba pa K150,000 munkapatsidwanso nyumba, chakudya cha masana kapena ndalama ya ovataimu mwezi ndi mwezi, zitchuleni zonse kwa a leba kuti aone zoyenera kulowa m'masamu. Funsaninso ngati chigayocho chili ndi inshulansi ya antchito. Makampani akuluakulu ambiri ali nayo, ndipo zikatero wolipira ndi a inshulansi. Zigayo zambiri zazing'ono zilibe, ndalama imatuluka m'thumba la mwini, n'chifukwa chake amalimbalimba. Akapempha kulipira pang'onopang'ono, mgwirizanowo ulembedwe pamaso pa a leba, ndi masiku ake, ndipo ndalama iliyonse yoperekedwa ikhale ndi lisiti.

Tsono pali njira yachiwiri, ndipo pa nkhani yanu ndi yofunika kuiganizira mofatsa chifukwa cha chitsulo chija. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito, Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997, limalamula wolemba ntchito kutchinga mbali zoopsa za makina ndi kukonza kagwiridwe ka ntchito kosaika anthu pa ngozi. Kuchotsa chotchinga chifukwa lamba akuvukavuka n'kuthawa vuto lenileni. Lamba amavuka chifukwa watha, wakhwepa, kapena mapule awiriwo sali pa mzere umodzi, ndipo mankhwala ake n'kugula lamba wina, kukunga mota kapena kuwongola mapule. Pamakina otere pamafunikanso lamulo la pamalopo loti wogwira lamba azimitse magetsi pa switchi yaikulu, atseke ndi loko kapena achotse fyuzi n'kuisunga m'thumba mwake, kuti wina asayatse. Ngati zonsezi panalibe, muli ndi poyambira kusumira abwana ku khoti pa mlandu wa kusasamala. Kulakwa kwa mnzanu nakonso kumagwera abwana, poti anali pa ntchito yawo.

Kusiyana kwake n'kwakuti khoti silimangidwa ndi miyezi 54 ija. Limayang'ana ululu womwe mwamva, zinthu zomwe simungathenso kuchita pa moyo wanu, kuwonongeka kwa maonekedwe a dzanja, ndi kuchepa kwa mwayi wanu wopeza ntchito m'tsogolo. Kwa munthu wodya za manja ake, chomalizachi n'chachikulu, ndipo kawirikawiri ndalama ya kukhoti imaposa ya ku leba. Koma kumeneko muyenera kutsimikizira khoti kuti abwana analakwa, mlandu umatha kutenga zaka, ndipo loya wa mbali inayo adzafunsa chifukwa chomwe munagwirira lamba musanazimitse magetsi onse. Khoti likaona kuti nanunso munathandizira ngoziyo, limadula gawo la ndalama. Simungalandirenso kawiri pa bala limodzi: zomwe mwalandira kale zimaganiziridwa powerengera. Ndipo chigamulo chabwino pa munthu amene alibe katundu kapena inshulansi chimangokhala pepala. Mlandu wa mtunduwu uyenera kuyambika pasanathe zaka 3 chichitikireni ngozi.

Malangizo anga ndi akuti failo ya ku leba itsegulidwe tsopano, ndipo musanalandire ndalama yomaliza kapena kusaina chilichonse chonena kuti simudzafunanso kanthu, muonane ndi loya. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa, ndipo ngati muli m'bungwe la antchito, yambirani kumeneko. Mukapita kwa loya woyima payekha, mugwirizane polemba kuti adzatengapo zingati, ndipo mlandu ukatha mupemphe kuona chikalata chosonyeza ndalama yonse yomwe yaperekedwa. Chenjerani ndi adobadoba omwe amazungulira m'zipatala kulonjeza mamiliyoni n'kutenga kabuku ka kuchipatala ndi lipoti la dokotala. Mapepala enieni azikhala ndi inu, ena muziwapatsa mafotokope.

Mwina kunyumba zinthu zathina, ndipo K100,000 ikuoneka ngati chipulumutso. Kulandira ndalama si vuto, vuto ndi mawu a papepala. Ngati abwana akufunadi kuthandiza, lisiti linene kuti ndalamayo ndi gawo loyamba la chipukutamisozi chomwe chidzawerengedwe ndi a leba, inu musunge kope. Pepala lonena kuti "nkhani yatha", kapena lonena kuti ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwanu, kapena lokutchulani waganyu, likaneni. Likalembedwa m'Chingerezi chomwe simukuchimva bwino, litengeni mukawerengetse kwina. Akakana kuti lituluke mu ofesi, chimenecho chokha chikukuuzani zomwe zili m'katimo. Bwana amene wayamba nkhani zopita kwa amfumu kapena kwa akuluakulu a mpingo kuti mukambirane pachibale, musamunyoze, pitani mukamve, koma nenani poyera kuti masamu achokera ku leba.

Chotsala ndi ntchito yanu. Si zachilendo kuti munthu akapita ku leba amauzidwa kuti asabwerenso. Employment Act ya 2000 imanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, pa chaka, bola pakhale chikalata cha dokotala. Inunso musasiye ntchito nokha mwa mkwiyo, ndipo musasaine kalata yosiya. Akakuchotsani, pemphani kalata yonena chifukwa, ndipo kadandauleni kwa mkulu wa leba wa boma lanu pasanathe miyezi 3. Imeneyo ndi nkhani ina payokha, yomwe ikalephereka ku leba imapita ku khoti la za ntchito, ndipo sichotsa kanthu pa chipukutamisozi cha chala.